Mutu 4: Njere Ziwiri pa Phando

1. Mvula ya Lachisanu

Anthu a kwathu kwa Msekeni, kuseri kwa mapiri a Mphunzi, ndi anthu abwino. Koma ikangogwa mvula yoyamba, nzeru zimawathawa. Ndikunena ine wobadwira komweko, ndipo sindikuwasemera chinyau.

Linali Lachisanu, chakumapeto kwa Okutobala wa 1994. Chisankho cha matipate chinali chitapita, nyimbo za pamisonkhano zitazilala, anthu atabwerera ku funso lakale lija loti tidya chiyani. Chakumasana kumwamba kunada bii. Kenaka mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Sinathe ngakhale ola limodzi. Inangoti phwaa, n'kuleka.

Abale, mukanaona chipwirikiti chake! Azimayi nthungululu, ana kuvina m'matope, azibambo kukhoma makasu m'mipini ngati kwabwera nkhondo.

Filomena yekha ndiye sanakondwe. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa Fomu 2, ndipo mvulayo inamupeza panjira akuchokera kusukulu. Atafika pa munda wawo anathyola kamtengo n'kukumba pamwamba pa mzere. Dothi linanyowa kutalika kwa chala chake chapakati. Pansi pake panali fumbi lokhalokha, loyetsemulitsa.

Mvula yotereyi Filomena ankaidziwa. Chaka chathacho inawachita chipongwe chomwechi. Anabzala onse tsiku limodzi, dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, mmera wonse n'kupserera. Anapakiza mochedwa ndi mbewu zopempha, ndipo zimene anakolola sizinafike ndi pakati pa nkhokwe pomwe.

Chaka chino m'nyumba mwawo munatsala ndowa imodzi ya mbewu. Imodzi basi. Chinali chimanga chamakolo chimene amayi ake, a Bernadetta, anachipachika pautsi kukhitchini kuyambira Meyi. Ufa unkachepa, ana ankayang'ana kudenga, koma palibe anakhudza ngakhale chisononkho chimodzi. Ndowa imeneyo ikanathera m'dothi, kunalibe kwina kokapempha, pakuti mudzi wonse unali chimodzimodzi.

Kusukulu kwawo kunali mphunzitsi wa zaulimi, a Mandla, amene anakhoma chitini pamtengo kuseri kwa ofesi. Ikagwa mvula ankayeza madzi a m'chitinimo n'kulemba m'buku. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu. Tsiku limenelo, ana akuweruka mitambo itada kale, anawaimitsa pakhomo.

"Mukawauze makolo anu," anatero a Mandla. "Nyengo yasintha. M'buku langali, pa zaka zisanu mwa zisanu ndi zitatu mvula yoyamba inatsatana ndi ng'amba. Ikubwerayi ndi chizimalupsa, mvula yongozimitsa moto wa kutchire n'kubwerera kwawo. Ngati sangathe kudikira, abzale theka, theka asunge. Mazira onse saika m'thumba lakumbuyo."

2. Mawu a Amalume

Filomena anafika kunyumba n'kupeza amalume ake, a Alufeo, atakhala kale pakhonde. Iwowa ndiwo anali mwini mbumba. Minda yonse ya alongo awo inkayendera mawu awo, ngakhale tsiku lobzala. Bambo ake a Filomena, a Ezara, anali mkamwini wochokera kwa Kabwazi. Anali atakhala pamudzipo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma pa nkhani ya munda ankangoti "eya, alamu." Amayi ake anali m'chikuta ndi khanda la masiku anayi, Tadala.

"Wafika bwino," anatero a Alufeo. "Amako sangatuluke. Mawa abambo ako azikumba mapando, iwe uziponya mbewu. Ndowa yonse ithe dzuwa lisanapendeke."

Filomena anagwada patali pang'ono.

"Amalume, ndakumba pamunda. Pansi m'pouma. Aphunzitsi akuti iyi ndi chizimalupsa. Bwanji tibzale theka, theka tisunge?"

A Alufeo anayang'ana a Ezara, n'kuyang'ananso mtsikanayo, kenaka anaomba m'manja kamodzi.

"Tamvani, alamu, zimene akunena mwana wanuyu! Akuti mvula yanama. Iwe mwana, tchera khutu. Ine ndinayamba kugwira khasu amako asanamere mano. Mvula ya kuno ndimaidziwa ngati njira ya kuchitsime. Phiri la Dedza lafunda mtambo masiku atatu, sunalione? Mphepo yatembenuka, ikuchokera kumpoto. Anamzeze afika dzana. Inswa zatuluka pachulu cha kudambo, ana atola zodzaza mbale. Zonsezi zikunama, choona ndi chitini cha aphunzitsi ako? Chitini chomwera thobwa chija?

"M'mera mpoyamba, mwanawe. Wobzala ndi mvula yoyamba ndiye amadya mondokwa anzake akuwiritsa mango aawisi. Wochedwa amalimira udzu ndi mbozi. Uwafunse amako chaka chimene anachedwa masabata awiri chifukwa cha maliro a agogo ako. Anakolola chiyani? Mapesi! Ine ndi amene ndinadyetsa nyumba ino chaka chimenecho. Ndiye lero ubwere ndi theka? Munda sadyera theka. Njala sibwera theka."

"Koma amalume, chaka chatha tinabzala ndi mvula yoyamba, ndipo..."

"Chaka chatha chinali chaka cha ndale! Anthu kumangotukwanizana pamisonkhano, mvula ikanagwa bwanji? Chiyambire matipate chilichonse chikufuna ufulu. Mbuzi ufulu, akamwini ufulu, tsopano ana akufuna kuvotera tsiku lobzala. Kuno kulibe voti. Mawa ubzale zinayi pa phando, monga ankachitira amayi anga: ya mbewa, ya nkhwali, ya chiswe, yachinayi ya mwini munda. Wamva?"

Filomena anayang'ana bambo ake. A Ezara anali kalikiliki kuchotsa kamunga kuphazi, kamunga koti kunalibeko.

"Ndamva, amalume."

Tinene zoona, a Alufeo sanali chitsiru. Zonse zimene ananenazo zinali zoona m'masiku amene mvula inali ndi ulemu. Chondikwiyitsa ine n'chakuti munthu wa maso awiri anaona mmera ukupserera zaka ziwiri mwa zitatu, koma mlandu n'kuupereka kwa ndale.

3. Kumunda

Loweruka m'mamawa phiri lonse linadzaza anthu. Kulikonse kunkamveka makasu ndi nyimbo. A Ezara anatula ndowa pansi pa mtengo wa msuku, pafupi ndi chulu cha m'malire, n'kuyamba kukumba mapando. Munthuyu akagwira khasu sankacheuka. Filomena ankatsatira pambuyo ndi mbale, kuponya njere, kufotsera ndi phazi.

Mzere woyamba anaponya zinayi zinayi, monga anauzidwira. Atafika kumapeto anawerama n'kupisa chala m'phando. Fumbi lija linali pomwepo, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pakhosi.

Mzere wachiwiri anaponya ziwiri.

Anafotsera msanga n'kuyang'ana uku ndi uku. Palibe anaona. Phando lotsatira ziwiri, linalo ziwiri. Mbale itatha anabwerera pamsuku. M'chitsamba cha pachulu munali thumba lakale la feteleza limene ankakhalira popuma. Anatunga mbale imodzi n'kukhuthulira m'thumbamo, inayo n'kupita nayo kumizere. Anachita chomwecho ulendo uliwonse: mbale ya munda, mbale ya thumba.

Dzuwa lili pamutu a Ezara anaima n'kupukuta thukuta.

"Mbewu zikwana, Filo?"

"Zikwana, bambo."

Pamenepo sananame, mwana wochenjerayu. Zinakwanadi mpaka mzere womaliza, ndowa n'kutsala mbee. A Ezara anaigubuduza ndi phazi, anamwetulira, nanyamuka kukathandiza kumunda kwa alamu awo.

Filomena anathyola masamba odyetsa mbuzi mtolo waukulu, thumba lija n'kulikulunga m'kati. Anadutsa nalo pakati pa mudzi ali chisenzere, akupereka moni kwa aliyense. Kuseri kwa khitchini kunali mtsuko waukulu wosungira phulusa la chidulo. Anakhuthuliramo mbewuzo, anazisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, pamwamba anathira phulusa lina n'kuvundikira ndi phale.

Kodi kumeneko kunali kuba? Kwa Msekeni mpaka lero amatsutsana. Ine ndimati kunali kubisa, koma kubisa ndi kuba ndi pachibale, ndipo Filomena ankadziwa zimenezo. Madzulo ake chakudya chinamukanika.

4. Mmera Uulula

Chimene mtsikanayu anaiwala n'chakuti munda susunga chinsinsi. Munthu ukhoza kumunamiza, koma chimanga chikamera chimanena chokha kuti tinalowa angati.

Patapita sabata, Lamulungu atatuluka ku Misa, a Alufeo anayamba kuyendera minda ya mbumba yawo, manja kumbuyo, jekete ili paphewa. Atafika m'munda wa a Bernadetta anaona mzere woyamba uli bwinobwino, zinayi zinayi. Mzere wachiwiri anaima. Anapita wachitatu. Anathamangira pakati pa munda, anawerama, anafukula phando limodzi, linanso, linanso. Munalibe makoko, munalibe una wa mbewa.

Kukuwa kwawo kunamveka mpaka kutchalitchi.

"Alamu! Alamu Ezara! Tabwerani mudzandionetse mbewa yodziwa masamu!"

Anthu anasonkhana, ena akadali ndi makorona m'manja. A Ezara anafika akupuma wefuwefu.

"Taonani apa. Ziwiri. Apa ziwiri. Apo ziwiri. Mbewa yanji imadya ziwiri n'kusiya ziwiri munda wonse? Ndowa inachoka kunyumba yodzaza, ndinaiona ndi maso angawa. Theka lapita kuti? Mwasinthanitsa ndi masese? Nenani! Zaka zonsezi takusungani ngati munthu, kani tikuweta nankafumbwe m'nkhokwe? Mkamwini wakuba mbewu amapinda mphasa yake n'kuona msewu. Kwa Kabwazi sikutali!"

A Ezara anangoti kukamwa yasa. Munthu wosamwa ndi mowa womwe!

Filomena anadutsa pakati pa anthu n'kugwada pamzere.

"Amalume, bambo sakudziwa kanthu. Ndine. Ndinabzala ziwiri, zinazo ndinasunga."

Mayi wina anati, "Mayo ine!" n'kugwira pakamwa.

"Wasunga kuti?"

Filomena anayang'ana pansi.

"Ndati wasunga kuti? Katenge tsopano lino, tipakize chinyontho chikadalipo."

"Chinyontho palibe, amalume. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi kopanda dontho. Sindikatenga."

"Ukuti chiyani?"

"Ndimenyeni, koma sindikatenga."

A Alufeo anakweza dzanja, kenaka analitsitsa, poti anthu a Mulungu anali akuyang'ana. Anavala jekete yawo pang'onopang'ono.

"Chabwino. Inu nonse mwamva, mukhale mboni. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma ine zino sizindipota. Mwana uyu wadula munda wa amake pakati ngati papaya. Mbewa ikatenga yake, nkhwali yake, mwini munda atsala ndi chiyani? Mvula ikapitirira, anzake adzakolola ngolo, iye adzakolola lichero. Tsiku limenelo asadzabwere munthu kudzagogoda kwanga. Mukadzamva njala mudzapite kusukulu, akakuphikireni chitini."

Madzulo a tsikulo a Bernadetta anamuitanira m'nyumba. Anali akuyamwitsa Tadala, ndipo sanakweze mawu.

"Khala apo. Ukuganiza kuti sindikudziwa? Lachitatu ndinatuma mng'ono wako kukatapa phulusa la chidulo, anabwera ndi phulusa lokhala ndi maso. Ndinangoti ndione mathero ake.

"Mwana wanga, mwina ukunena zoona za mvulayi. Ine sindidziwa, sindinapite patali ndi sukulu. Koma taona chimene wachita. Abambo ako atukwanidwa pamaso pa mudzi wonse, atchedwa wakuba, chifukwa cha iwe. Ukanabwera kwa ine usiku uja n'kunena kuti amayi, mtima wanga sukuvomera, bwenzi titaona chochita awiri. Achimwene ndi ouma mutu, koma ine ndinayamwa nawo bere limodzi, ndimadziwa powagwira. Iwe unasankha njira ya mbala. Nzeru yoyenda mobisala imapweteka anthu osalakwa, umve zimenezo.

"Mtsukowo sindiukhudza, ndipo sindiwauza. Koma udziwe chimene wanyamula. Mvula ikabwera mawa n'kupitirira, wachotsa chakudya pakamwa pa mwana uyu. Udzamuyang'ana ndiwe mu Febuluwale akamadzalira."

Filomena anatuluka n'kukapeza bambo ake akusema mpini kuseri kwa khola. Anagwada n'kupepesa. A Ezara anangoti, "Wandivula, mwana wanga," n'kupitiriza kusema. Mawu atatu amenewo anamupweteka kuposa zonse za amalume.

5. Ng'amba

Ndiye taonani chipongwe cha mvula. Lolemba lake kunagwa kamvula kowaza, kongokwanira kunyowetsa malaya. Mudzi wonse unamuseka Filomena. Popita kusukulu anyamata ankamukuwiza kuti, "Alangizi! Alangizi a ziwiriziwiri!" Kuchitsime azimayi ankamufunsa kuti, "Nanga lero chitini chati bwanji?" A Alufeo anadutsa pakhomo katatu tsiku limenelo popanda chifukwa, akuimba mluzu.

Kamvula kameneko kanali komaliza.

Sabata yoyamba ya Novembala anthu ankati ibwera. Sabata yachiwiri mmera unayamba kupota masamba masana, n'kumatambasula m'mawa. Sabata yachitatu unaleka kutambasula. Unangoima tiwii ngati anyezi, kenaka unagona pamizere.

Mitambo inkabwera ndithu. Inkasonkhana pa Phiri la Dedza masana aliwonse, kuda, kugunda, anthu n'kuyamba kulowetsa zovala. Ikatero inkapita kukagwa kwina. Munthu umachita kufuna kuigenda.

Zimene anthu anachita m'masabata amenewo zimanditopetsa kuzikumbuka. Ena anati pali wina wamanga mvula, n'kuyamba kuyang'ana moipa nkhalamba ina yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Ena anati ndi chifukwa cha atsikana ovala mathalauza. A Alufeo anatenga keni yothirira tomato n'kumatunga madzi kudambo, kuthirira munda wa maekala awiri phando limodzilimodzi. Anathirira mizere isanu ndi umodzi, msana unagwira, anagona masiku atatu. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Kodi mwana uja sananene?" Ayi ndithu. Ankangosiya kuyankhula iye akamadutsa.

Musaganize kuti Filomena anakondwa. Mmera wa m'munda mwawo unafa chimodzimodzi ndi wa ena onse, ziwiri zake zija pamodzi ndi zinayi za mzere woyamba. Tsiku lina anapeza amayi ake aang'ono, a Agnesi, atakhala pakati pa munda wawo, miyendo tambalale, akufukula mapando ndi manja kufuna njere yoti mwina sinamere. Mayiyu anali wamasiye wa ana anayi. Filomena anadutsa mwakachetechete, misozi ili m'maso.

Kusukulu anakafunsa a Mandla kuti abzale liti.

"Ikagwa masiku awiri kapena atatu motsatana, ukumbe," anatero. "Dzanja likalowa lonse mpaka pamfundo osapeza fumbi, bzala tsiku lomwelo. Ndipo utseke mizere ndi ngonyeka, timizere topingasa tija, kuti madzi asathawire kumtsinje. Mvula ya masiku ano imabwera yochepa, ndiye yagwayo uziigwira."

Filomena ndi bambo ake anayamba kupanga ngonyeka madzulo aliwonse m'munda wopanda mbewu. Anthu ankawayang'ana ngati amisala. Filomena anali atawerengera kale: theka la ndowa, ziwiri pa phando, likwana munda wawo wonse ndendende, osatsala ngakhale dzanja limodzi. Nyumba yawo idzadya.

6. Mbale Pakhomo

Mvula yeniyeni inabwera pa 6 Disembala. Sinachite phokoso. Inayamba Lachiwiri masana, yamvumbi, inagwa Lachitatu lonse mpaka Lachinayi. Madzi anaima m'ngonyeka muja ngati m'mabeseni. Nthungululu sizinamveke ulendo uno. Anthu anangoima m'makonde kuyang'ana mvula yabwino ikugwera m'minda yopanda kanthu.

Lachisanu m'mawa Filomena anathamangira kumunda n'kupisa dzanja. Linalowa lonse, dothi lozizira mpaka pansi. Anabwerera akuthamanga.

"Bambo, tengani khasu! Amayi, lero ndiye lero!"

Anazungulira kuseri kwa khitchini n'kuima chilili.

Pafupi ndi mtsuko paja panali patakhala azimayi asanu. Kutsogolo kunali a Agnesi, kumbuyo kwawo azimayi anayi a mbumba yomweyo. Anakhala mwaulemu pansi ponyowa, miyendo yopinda, aliyense mbale yopanda kanthu pamiyendo. Chinsinsi cha mtsuko chinali chitatuluka kalekale. Pamudzi pokhala ana palibe chobisika.

"Tabwera, mwana wathu," anatero a Agnesi, maso ali pansi. "Sitikufuna zambiri. Zongoti tibzale kuseri kwa nyumba."

Filomena anayang'ana amayi ake, amene anaima pakhomo la khitchini Tadala ali kumsana.

"Amayi, zimenezi n'zokwana munda wathu wokha. Ndinawerengera. Tikagawa pasanu ndi kamodzi, palibe nyumba imene idzafike ndi mu Ogasiti momwe. Tonse tidzafa ndi njala mofanana!"

"Ndikudziwa," anatero a Bernadetta.

"Ndiye nditani?"

"Pobisa unandifunsa? Unabisa wekha, ugawe wekha. Ukafuna kuwabweza, uwabweze ndi pakamwa pako. Awa ndi amayi ako onsewa."

Koma anthu inu! Mwana anatukwanidwa, anasekedwa mwezi wathunthu, bambo ake anatchedwa wakuba, ndipo omusekawo ndi omwewa akhala apa ndi mbale. Filomena anafuna kukuwa. Anafuna kuwafunsa kuti chitini chija lero chakoma? Koma a Agnesi anali atabwera ndi kamwana kawo kotsiriza, kamimba tuu, kakuyamwa chala.

Ali chiimire choncho kunamveka kutsokomola. A Alufeo anatulukira pangodya ya nyumba akuyenda mopindika, dzanja lili pamsana. Azimayi anasuntha kuwapatsa njira. Filomena anagwada.

A Alufeo sanamuyang'ane. Anayang'ana kuphiri.

"Mbewu imeneyo," anayamba, "si ya sitolo. Anabwera nayo amayi anga pamutu pamene ankadzamanga mudzi uno. Yadutsa njala zingati osatha? Ngakhale chaka cha chimanga chachikasu cha thandizo chija sitinaidye. Chaka chino ine ndi amene ndinalamula kuti ithere m'dothi, m'minda isanu ndi iwiri, tsiku limodzi. Yatsala ndi imene ili mumtsukomo basi. Ukaibzala m'munda umodzi, ng'ombe zikalowamo kapena matalala akagwa, mbewu ya amayi yatha padziko. Ukaigawa, nyumba ya amako igona ndi njala imene sinaipalamule. Ine pamenepa ndilibe mawu. Ndinali nawo ambiri, onse anapserera."

Anapisa m'matumba a jekete ngati akufuna china chake. Mbale sanabwere nayo, manyazi anawaletsa kudutsa nayo pamudzi. Ndiye anavula chipewa chawo, mutu wa imvi n'kukhala pamtunda pamaso pa alongo awo ndi mkamwini. Anachitembenuza, anawerama movutikira, n'kuchiika pansi kumapeto kwa mzere wa mbale zija.

"Ine ndikhale womaliza," anatero. "Zikatsala."

A Ezara anatembenukira kukhola kuti asaone.

Filomena anakwawa ndi maondo mpaka pamtsuko. Anachotsa phale, anakankha phulusa la pamwamba, njere zoyera zinaonekera. Anatapa kodzaza manja awiri n'kutembenukira kwa a Agnesi.

Asanathire m'mbale, amayi ake anamugwira paphewa.

"Filo," ananong'ona. "Tayang'ana kumtunda."

Pa njira yotsika kuchokera ku midzi ya kuphiri kunkabwera azimayi atandondozana m'matope, opanda makasu, opanda mitsuko. Filomena anawerenga mpaka khumi ndi awiri, ndipo ena anali akutulukirabe kuseri kwa phiri. Aliyense anali ndi mbale pamutu.